Zimene Duku Lanu Linkabisa

Amayi, kumeneko kwacha bwanji?

Kuno kunja, ku Dudley, kukuzizira monga mwa masiku onse. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu, ndipo ndikamuyankhula Chichewa amandibwezera Chingerezi ngati bwana. Mukanakhalapo mukanati, "Ameneyu mundipatse mwezi umodzi, awongoka."

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Pa maliro anu sindinabwere, paja ndinali nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba. Abale atameta kumudziko, ine tsitsi langa ndinalisiya. Ndinkachita manyazi kukafika kuntchito ndi mpala.

Patatha miyezi itatu, mnzanga wondiluka ku Kings Heath anapeza malo osalala kunkhongo kwanga, ozungulira ngati pakamwa pa botolo. Kenaka anatulukanso ena awiri, osayabwa, osapweteka. Amayi, ndinalira m'basi njira yonse. Ndinati basi, mwakwiya, mwabwera kudzandimeta nokha.

Nsidze zitayambanso kuthothoka m'pamene ndinapita kwa dokotala. Anati si zipere, si mankhwala a tsitsi, ndipo si zopatsirana. Akuti chitetezo cha m'thupi, chija chimalimbana ndi matenda, nthawi zina chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake. Chisoni chachikulu chimatha kuyambitsa, komanso vutoli limayenda kumtundu. Atafunsa ngati alipo wina kwathu amene zinamuchitikira, ndinakana kwamtuwagalu.

Lamlungu ndinaimbira mayi aang'ono, amene anasambitsa thupi lanu tsiku la maliro lija. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti inu munali nawo malo oterewa kuyambira muli mtsikana, tsitsi linkapita n'kumabwerera, ndipo wokudzozani mafuta anali iwowo.

Amayi inu! Zaka zonsezi mumvekere, "Mkazi wodzilemekeza sayenda mutu uli pamtunda," ife n'kumati ndi mwambo wa kutchalitchi. Ngakhale pogona duku osavula!

Ndiye simunandimete ayi. Munangondisiyira, monga munandisiyira kukweza mawu ndi kukonda tsabola. Chikhalire mtima wanga sunapepukepo chonchi.

Kunkhongoku kwayamba kumera timatsitsi toyera, tofewa ngati ta khanda. Dokotala akuti mwina lidzathothokanso, koma zimenezo sizikundiopsanso.

Ndikulonjeza kubwera mu Ogasiti kudzaona pamene munagona. Duku lanu lobiriwira lija ndawauza mayi aang'ono asapatse munthu, ndi langa. Koma Tadala ndamuonetsa kale mutu wanga, wagwira ndi chala chake. Iyeyu sadzachita kumvera kwa ena.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati