Lero musakolope pansi pa galimoto

Amayi a ana,

Ndalawirira kukatenga amakaniko, ndakusiyani muli mtulo. Galimoto isayende lero, makiyi ndatenga dala.

Dzulo pochokera kuntchito inayamba kukana kusintha magiya. Injini imangolira koma liwiro osaoneka, kenako n'kudzidzimuka ngati wina watigunda kumbuyo. Livesi nayonso ikuchedwa kugwira. M'mawa uno ndayeza oyilo wa giyabokosi injini ikulira, itatentha, monga zimafunikira. Wangotsala kunsonga kwa kachitsulo koyezera, ndipo wada, akununkha zopserera. Tikaikakamiza giyabokosi ipsa, ndipo nkhalamba yathuyi sidzadzukanso.

Choncho amayi anga muwaperekeze kuchipatala pa takisi. Ndagwirizana kale ndi aneba athu oyendetsa takisi aja, afika pakhomo naini koloko. Dokotala wa maso tamudikira miyezi itatu, tsikuli lisatiphonye.

Timadontho tofiira timene mumakolopa m'galaja m'mawa uliwonse ndi oyilo ameneyu. Munandiuza kawiri konse, ine n'kumati ndi polishi wapansi. Pofika ine pamakhala pali mbee, ndiye mukadandaula za galimotoyi ndinkangoti vuto ndi phazi lanu, mumaponda moto mwaukali. Pepani. Phazi lanu lilibe mlandu, olakwa ndi makutu angawa.

Ndayala katoni pansi pa galimoto kuti amakaniko aone pamene pakudonthera. Ndikudziwa kuti ikunyansani mukaiona, koma chonde isiyeni pomwepo. Chokolopera chanu chipumeko lero lokha, umboni usafufutikenso.

Bambo a ana