Chinsinsi Changa pa Mphakati

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno kwa Mavwere tilipo, mwendo wa amayi uja wayamba kuphwa. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Mukuwadziwa a Nangozo, anzanga omwe timakhala benchi limodzi kutchalitchi. Tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde, ndinawaululira kuti amuna anga, bambo a Tadala, akapita ndi thiraki ku Zambia amafikira kwa mkazi wina ku Chipata. Ndinalira, iwo n'kundigwira dzanja, amvekere, "Izi zathera pompano, anzanga."

Lachinayi pa mphakati, itakwana nthawi ya mapemphero, a Nangozo anatsinzina n'kuyamba: "Tiwapempherere amake Tadala, omwe amuna awo akwatira ku Chipata." Gulu lonse linayankha kuti, "Ambuye, timvereni," apongozi anga ali pomwepo. Achemwali, bola miseche ya pamjigo, munthu umatha kumukalipira. Nanga yobwera ndi pemphero ungaiyankhe chiyani?

Lamulungu pa Misa, ansembe atati tipatsane moni wa mtendere, a Nangozo anatembenukira kwa ine akumwetulira. Dzanja ndinapereka, koma louma gwaa. Pamenepo ndinakumbukira kuti Ambuye Yesu sanaperekedwe ndi mlendo, koma ndi munthu wodya naye m'mbale imodzi. Sindinama, pokhululuka sindinafikepo. Chondilimbitsa n'chakuti ululu umenewu Iwo akuudziwa.

Mukapeza wobwera kuno, mutumize mankhwala opaka a amayi aja. Mulungu akusungeni. Mundipempherere, achemwali, koma chamumtima.

Ine mng'ono wanu,
Agnesi