Masamba Odyedwa ndi Mbozi

Achemwali a Sadako,

Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi, mukudziwa kuti sukulu sindinapite nayo patali. Kuno ku Kanazawa tili bwino, koma ine mtima ukuwira.

Kimono yaukwati ya mwana wanga Tomie, nsalu yovala imene ndaijambula masamba miyezi isanu, apongozi ake a ku Kyoto aibweza. Akuti, "Asewere, masamba odyedwa ndi mbozi paukwati? Mukutilodza?" Kuwalodza ine! Kwathu kuno tsamba timalijambula monga lilili pamtengo, ndi zibowo zake zomwe. Si mmene anatiphunzitsira bambo? Kujambula ina ndi miyezi inanso isanu, chonsecho Tomie lamba wayamba kale kumuthina. Izi musauze munthu.

Tsiku laukwati mpaka lero sanalitchule.

Ndine mng'ono wanu,
Fusae