Mundifunsire Chimene Chinapha Bambo

Cagliari, 14 Malichi

Okondedwa achemwali a Nives,

Ndikhulupirira muli bwino kumapiriko. Nanga bondo la amayi lasiya kutupa? Ine moyo ulipo, koma bwino ayi. Ndalemba pa foni chifukwa ndikaimba ndilira.

Ntchito yanga mukuidziwa: anthu anayi timatchova njinga m'kati mwa boti kuti mphamvu yokokera matanga ipezeke. Lachiwiri lapitali tinkayesa mapiko atsopano a kunsi kwa boti, amene amalinyamula pamwamba pa madzi. Boti linadzuka pamadzi bwinobwino, likuuluka ngati galimoto pamsewu waukulu. Pokhota, mtima wanga unayamba kuphupha, m'maso munada bii. Mphamvu itatsika, boti linagwa chamutu, ndipo mnzanga Gavino anaguluka mano awiri. Anzathu akundinena kuti kuyambira pano ndizimutafunira buledi. Ndimaseka, koma sinditha kumuyang'ana pakamwa.

Adokotala athu, mayi Deiana, andiletsa kukwera. Anandifunsa chimene chinapha bambo ali ndi zaka 41 zokha. Ndinati dzuwa linawawomba akumweta udzu, monga tinauzidwira tili ana. Iwo anati dzuwa la kwathu silipha munthu wamphamvu choncho. Akuti ikakhala nthenda ya mtima ya kumtundu, za boti ndiiwale. Ikapanda kukhala imeneyo, andipatsa mankhwala ndibwerere. Lachisanu likubwerali akusankha opita ku mpikisano. Achemwali, zaka zitatu ndakhala ndikutchovera tsiku limeneli.

Amayi ndawaimbira kanayi. Ndikangotchula bambo, akuti mphika ukupserera, n'kudula foni.

Chonde, chonde, pitani mukakhale nawo pansi. Inu amakumverani. Akupatseni pepala limene achipatala analemba bambo atamwalira, mulijambule munditumizire lisanafike Lachinayi.

Ndiulule: poyamba ndinalemba kuti pepalalo likakhala loipa, mungoti linasowa. Ndafufuta. Adokotala anandifunsanso ngati muli ndi ana, ndipo anandiuza kuti nthendayi sisankha, imatha kudutsira mwa inu n'kukagwira anawo. Choncho chilichonse chimene chalembedwapo, tumizani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti sindinakwiye. Moni kwa alamu anga a Tarcisio, azakhali a Delfina, ndi ana anu, Ada ndi Loris. Ndikudziwa kuti Loris wakonzekera mpikisano wa njinga Loweruka, ndipo andida kwambiri. Mumubisire njingayo mpaka tidziwe.

Ndine mlongo wanu,
Elvio