Afunseni a Wendell

Okondedwa alamu anga a Lorraine,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tucson. Kuno ku Halifax chisanu chafika.

Pulogalamu yaulere ija ya ku labu yayamba kusokoneza zotsatira za magazi, ndiye ndinakadandaula pa bwalo lake la pa intaneti. Kale achimwene anu a Wendell ankayankha anthu pamenepo khofi asanazizire, uku akuwaseka: "Kompyutayo mwaiyatsa koma?" Paja anandifunsira banja pomwepo.

Dzulo wina anandiyankha kuti, "Mayi, gawo limenelo analemba a Wendell. Afunseni, salephera."

Nditawawerengera a Wendell yankholo, anamwetulira nati, "Wendell ameneyo ndi katswiri eti? Timamudziwa?"

Ngati mungathe, bwerani, musadikire Khirisimasi. Zambiri akuiwala, koma dzina lanu akulitchulabe.

Ndine mlamu wanu,
Marjorie