Mipando Yakale Yapita ku Idaho

Wokondedwa msuweni wanga Marlys,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno ku Montana tadzuka.

Mipando ya pachingwe ija, yokwezera anthu paphiri lathu lotsetserekapo pa chipale chofewa, aizula. Aika yothamanga, yokwana anthu asanu ndi mmodzi. Yakaleyo inali ya awiriawiri, ndipo amuna anga a Wendell ankayankhula tikakhala pamenepo pokha, poti panalibe kothawira.

Yakaleyo aigulitsa kuphiri laling'ono la kwanuko ku Idaho, ndiye a Wendell apita nayo kukaimanga. Akuti, "Mipandoyi sinathe ntchito ayi, ikungofuna malo ena. Ndibwerako chisanu chisanayambe."

Koma chijasi chawo cha m'chisanu sindikuchiona pamsomali.

Ukawaona usawafunse kanthu. Ungondiuza ngati pamipandopo akukwera okha.

Ndine msuweni wako,
Joleen