Fodya womaliza wa ababa

Kawenni, 10:12
achimwene ndatha. fodya wansembe wa ababa uja ndawotcha (chithunzi)

Kawenni, 10:13
chikwangwani cha buluu chija. "mudzi wakale wa a Mohawk," mtundu wathu. awonetseni. ndikuthamangira msonkhano ku Albany

Atonwa, 10:20
aona. akupukuta misozi. wamtauniwe lero wachita zaumunthu kkk

Atonwa, 10:31
dikira kaye. unawerenga mpaka pansi?

Kawenni, 10:32
ndikuyendetsa

Atonwa, 10:33
mzere womaliza ukuti "mailo imodzi kumpoto, pamwamba pa chitunda." chikwangwanicho anaikira odutsa pamsewu. mudzi sunali pamenepo

Atonwa, 10:35
nanga kumbuyo kwakoko ndi chani? potsukira magalimoto?

Atonwa, 10:58
Kawenni

Kawenni, 11:40
eya. potsukira magalimoto

Atonwa, 11:41
watsalako?

Kawenni, 11:41
ayi. ndawotcha yense

Atonwa, 11:43
fodyayo anali womaliza. chifereni dzanja ababa sanadzalenso. anamusungira makolo a pamudzi umenewo

Kawenni, 11:43
ndikudziwa. plz

Atonwa, 12:05
(mawu 0:16, ababa) "Kawenni mwana wanga. Pachitundapo mphepo ili bwanji? Ine ndili mnyamata mtsinje tinkauona mbali zonse ziwiri. Mitengo sinatseke?"

Kawenni, 12:30
auzeni ukuoneka

Atonwa, 12:31
bodza lako ndisenze ine? amene ndimawasambitsa ndine. m'maso ndimawayang'ana ndine. iwe umangoimba Lamulungu uli pa eyapoti

Kawenni, 12:31
mukunena zoona. palibe pomwe mwalakwa

Atonwa, 12:33
sindinanene kuti undivomereze. ndati uwauze wekha

Atonwa, 13:50
akufunsanso za mtsinje

Kawenni, 15:05
ndabwerera. msonkhano ndausiya

Kawenni, 15:22
msewu wamiyala. geti la mlimi. wandilola. wafunsa ngati ndine wa kuyunivesite. ndati ndine wa pano. wayang'ana nsapato zanga

Atonwa, 15:23
zazitali zija? kkk

Kawenni, 15:41
zamira m'matope. ndavula

Kawenni, 15:48
ndafika pamwamba. munda wa chimanga, anakolola kale. chikwangwani palibe. mtsinje mbali imodzi yokha

Kawenni, 15:49
ndaima chabe. m'manja mulibe kanthu. sindikudziwa poika maso

Atonwa, 15:50
ababa ali maso. foni ndawaikira pakhutu

Kawenni, 15:56
(mawu 0:11) "Ababa. Fodya wanu ndawotchera pamsewu, osati pamudzi. Sindinawerenge. Ndimafulumira. Ndamuwononga yense. Pepani."

Atonwa, 16:03
amvera kawiri

Kawenni, 16:03
akwiya?

Atonwa, 16:04
akuyang'ana pazenera

Kawenni, 16:09
achimwene nenani china chake

Atonwa, 16:15
(mawu 0:21, ababa) "Chikwangwanicho ndimachidziwa, mwana wanga. Ndinachizindikira m'mawa muja nditangoona chithunzi. Ndimati mwina unakweranso. Fodya wapita, sabwerera. Poti wafika, khala pansi. Usanene kanthu. Foniyo ulowetse m'thumba."

Atonwa, 16:50
wanyamuka?

Atonwa, 17:25
ababa akuti ndisakuvutitse